Chuku pakhoma: mafunso ndi mayankho musanapente nyumba

Mvula ikangokata, cha mu April kapena May, foni yanga imayamba kulira ndi nkhani imodzimodzi: khoma lada, kuchipinda kukununkha, bwerani mudzapente. Ndagwira ntchito yopenta zaka zambiri mu Blantyre, Zomba ndi m'madera a tiyi ku Thyolo, ndipo mafunso amene eni nyumba amandifunsa sasiyana kwenikweni. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho amene ndimapereka tili chiimire pafupi ndi khoma lomwelo. Ena amati nguwi, ena nkhungu, koma ine ndizinena kuti chuku.

Madontho akuda ali pakhoma langawa ndi chuku, kapena ndi litsiro chabe?

Musanagule kanthu kalikonse, yambani mwadziwa chimene mukulimbana nacho, chifukwa pali zinthu zinayi zimene anthu amazisokoneza. Chuku chimayamba ngati timadontho takuda, totuwa kapena tobiriwira, timene timakula mpaka kulumikizana. Chimakonda m'makona, kuseri kwa wadilopu ndi sofa, ndi pamwamba pa windo la kubafa. Chili ndi fungo lake, lija la chovala chimene chagona m'beseni chili chonyowa. Ndere ndi zobiriwira, zoterera zikanyowa, ndipo zimamera kunja, pamene madzi amadontha kawirikawiri. Mwaye ndi wa utsi wa nkhuni, koloboyi kapena kandulo. Umadetsa khoma mosalala, wopanda madontho. Chachinayi ndi choyera ngati ufa, chotuluka m'munsi mwa khoma n'kumatukula penti. Chimenecho si chamoyo ayi, ndi mchere umene madzi autulutsa m'njerwa, mumchenga kapena mu simenti. Amene amamanga ndi madzi a m'mijigo ya mchere, monga m'madera ena a ku Chikwawa, amachidziwa bwino.

Poyesa, nyowetsani kathonje ndi Jik, khudzani pamalo akudawo, dikirani mphindi 2 kapena 3. Pakayera, ndi chuku kapena ndere. Pakakhalabe pakuda, ndi mwaye kapena litsiro, ndipo sopo ndi madzi ofunda zikwanira. Choyeracho chifikiseni ndi zala. Mchere umanyenyeka ngati ufa, ndipo mukauthira madzi umasungunuka.

Ine ndimakolopa tsiku lililonse. Chalowa bwanji m'nyumba mwanga?

Amayi ambiri amafunsa funso limeneli mwamanyazi, ngati kuti ndawapeza ndi uve. Si uve, mayi. Mbewu za chuku ndi zazing'ono zosaoneka ndi maso, ndipo zili mumpweya paliponse, ku Nyambadwe ndi ku Ndirande chimodzimodzi. Palibe angazitsekere kunja. Zimangodikira malo onyowa, mpweya wosayenda, ndi kachakudya pang'ono: fumbi, mafuta a utsi wa kukhitchini, pepala, thabwa, ngakhale penti yeniyeniyo. Pamalo pakakhala ponyowa tsiku limodzi kapena awiri, zayamba kale kumera. Pa zitatuzi, chimene mungathe kuchilamulira ndithu ndi chinyezi. Ndiye nkhani yonse ya chuku ndi nkhani ya madzi.

Bwanji osangopaka penti pamwamba pake? Si ibisa?

Ibisa ndithu, kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Tsiku lina ndinaitanidwa kunyumba ina ku Chilomoni. Eni ake anali atapentetsa chipinda cha ana miyezi itatu yapitayo, pokonzekera alendo a chinkhoswe. Amene anagwira ntchitoyo anapaka penti yamafuta yonyezimira pamwamba pa chuku, osachapa, osapala. Nditafika ndinapeza khoma lili ndi matuza kuyambira pansi mpaka m'chiuno. Ndinalowetsa nsonga ya chopalira m'thuza limodzi, penti n'kusendeka ngati khungu la nthochi, chigamba chachikulu kuposa chikhatho changa. Kunsi kwake kunali kwakuda bii, konyowa, ndipo pulasitala ankagumuka ndikangokanda ndi chikhadabo. Bedi la mwana linali logunda khoma lomwelo. Mayi ake anandiuza kuti mwanayo amatsokomola usiku uliwonse, ndipo iwo ankaganiza kuti ndi chisanu.

Penti si mankhwala. Ndi kachikopa kopyapyala kamene kamafuna kugwira pamalo olimba, ouma ndi oyera. Mukaipaka pa chuku imagwira chukucho, osati khoma. Chinyezi chimene chinali kutuluka pang'onopang'ono tsopano chatsekeredwa, ndipo chimakankha penti mpaka kutupa. Mapeto ake mumalipira kawiri: penti yoyamba yatayika, ndipo kuichotsa ndi ntchito yowawa kuposa mmene kuchapa khoma kukadakhalira poyamba paja.

Ndidziwa bwanji kumene madziwo akuchokera?

Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri ndikafika panyumba, nthawi zina osatsegula n'komwe chitini cha penti. Khoma limadziululira lokha ngati muliyang'ana modekha.

Ngati banga lili kumwamba, pafupi ndi siling'i, ndipo lili ndi mizere yachikasu yotsika, kwerani padenga. Yang'anani misomali ya malata imene yazuka kapena kuchita dzimbiri, malata a pamsonga, polumikizana madenga awiri, ndi ngalande zolandira madzi a padenga zimene zadzaza masamba a mango. Lowaninso m'siling'i masana: pamene kuwala kukulowa, madzi amalowanso. Ngati muli ndi giza kapena thanki m'mwambamo, gwirani mapaipi ake.

Ngati banga lili pakati pa khoma ndipo limakula mvula ikagwa, tulukani panja muone kuseri kwake. Kawirikawiri mupeza mng'alu, pulasitala wogumuka, m'munsi mwa windo mopanda potsetsereka, kapena denga lalifupi losaphimba khoma ku mvula yamphepo. Nyumba zambiri zimapakidwa pulasitala m'kati mokha, kunja njerwa zili pamtunda. Njerwa yosapsa bwino imamwa madzi ngati siponji.

Ngati banga siliyendera nyengo, lili ponyowa ngakhale mu October, ndipo kuseri kwake kuli bafa, sinki kapena chimbudzi, ganizirani paipi yobisika. Tsekani mipopi yonse m'nyumba, werengani mita ya madzi, dikirani ola limodzi, werenganinso. Ikayenda, penapake pakudontha.

Ngati chinyezi chili m'munsi, kuyambira pansi mpaka cha m'mawondo kapena m'chiuno, chili ndi mzere wokhotakhota pamwamba pake ndi mchere woyera uja, madzi akukwera kuchokera m'nthaka. Kawirikawiri sapitirira mita imodzi.

Pomaliza pali madzi amene timapanga tokha. Kupuma kwa anthu asanu m'chipinda chotseka usiku wonse, nthunzi ya mphika wa nyemba, madzi otentha a kubafa, zovala zoyanika m'nyumba masiku a chiperoni, zonsezi zimadzaza mpweya ndi chinyezi. Mpweyawo ukakhudza khoma lozizira umasanduka timadontho, monga botolo lochokera mu firiji limachitira thukuta. Ndi chifukwa chake malata opanda siling'i amadontha m'mamawa mu June pamene kunja sikunagwe mvula.

Mukakayika pakati pa madzi a m'khoma ndi thukuta la mpweya, dulani pepala la pulasitiki loonekera, lalikulu ngati thireyi, limateni pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi osasiya mpata. Lisiyeni tsiku limodzi kapena awiri. Madontho akaoneka kunsi kwa pepalalo, madzi akuchokera m'khoma. Akaoneka pamwamba pake, kumbali ya chipinda, vuto ndi mpweya wa m'nyumbamo.

Khoma likunyowa kuchokera pansi, ndipo amisiri sanaike pepala lakuda lija pomanga. Ndigwetse nyumba?

Ayi, musathamangire kumeneko. Pepala lakuda limene amisiri amalitcha DPC limayalidwa pamwamba pa maziko kuti madzi a m'nthaka asakwere m'njerwa. Ambiri amalidumpha pofuna kupulumutsa ndalama zochepa, ndipo m'malo a dambo zotsatira zake zimaoneka dzinja loyamba lomwe. Komabe nthawi zambiri ndimapeza kuti pepalalo lilipo, koma laphimbidwa. Dothi lakokoloka n'kuunjikana pakhoma, kapena mayi abzala maluwa mogunda nyumba n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Nthaka ya kunja iyenera kukhala m'munsi mwa pepalalo ndi masentimita 15, ngati mizere iwiri ya njerwa.

Yambani ndi zotsika mtengo. Fukulani dothi logunda khoma, sunthani maluwa, kumbani ngalande yoti madzi a padenga azithawira kutali, ndipo ikani kakhonde ka simenti kozungulira nyumba kotsetserekera kunja. Ndaonapo makoma ambiri akuuma ndi zimenezi zokha. Zikakanika, mmisiri wodziwa angathe kugumula pulasitala wa m'munsi, kulowetsa pepalalo pang'onopang'ono m'zigawo zazifupi, ndi kupakanso pulasitala wosakaniza ndi mankhwala oletsa madzi. Ndi ntchito yofuna munthu wosamala, chifukwa kutsegula chigawo chachitali nthawi imodzi kungang'ambe khoma.

Chuku chimadwalitsa, kapena chimangonyansa m'maso?

Chimadwalitsa. Bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo ake okhudza chinyezi ndi chuku m'nyumba mu 2009, ndipo mfundo yake ndi yoti anthu okhala m'nyumba zotere amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika, chimfine chosatha ndi mphumu. Ena maso amayabwa, ena khungu. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi makanda, okalamba, odwala mphumu, amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndi amene anadwalapo TB, chifukwa mitundu ina ya chuku imatha kukhazikika m'mapapo amene ali ndi zipsera. Anthu amenewa asagone m'chipinda cha chuku, ndipo asakhale pafupi tsiku lochapa. Ngati wina akutsokomola milungu iwiri osasiya, apite kuchipatala. Kuchapa khoma sikulowa m'malo mwa kuyezetsa.

Ndikonzekere chiyani tsiku lochapa?

Ndowa ziwiri, ina ya mankhwala ina ya madzi oyera, Jik, sopo wa ufa, bulashi yolimba, chopalira, nsanza zoti mudzataye, magolovesi a labala, magalasi oteteza maso, ndi masiki. Masiki ansalu amene tinazolowera nthawi ya Covid-19 sakwanira kwenikweni, funsani a N95 kapena FFP2 m'sitolo ya zipangizo zomangira. Valani zovala zakale, Jik amachotsa mtundu wa nsalu pomwepo.

Tulutsani katundu yense, tsegulani mawindo onse a chipindacho, koma chitseko cholowera m'zipinda zina chitsekeni. Yalani mapepala apulasitiki pansi. Ngati pali soketi pamalo onyowawo, zimitsani magetsi a chipindacho musanathire madzi.

Nanga kachapidwe kake n'kotani?

Chinthu choyamba, musayambe ndi kukwecha khoma lili louma. Mukatero mbewu zija zimauluka, mumazipuma, zina zimakatera pa makatani ndi pamatiresi. Yambani mwanyowetsa pamalopo ndi madzi a sopo, kenako pukutani zakudazo ndi nsanza, mukuitembenuza kuti musamangozipaka pena.

Mukatero sakanizani kapu 1 ya Jik ndi makapu 4 a madzi ozizira. Madzi otentha amaononga mphamvu yake ndipo amatulutsa fungo lobanikitsa. Pakani ndi bulashi kapena siponji, mupitirire malire a bangalo ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri, popeza chuku chimakhala chitafika kale pamene maso sakuchiona. Siyani mphindi 15 kapena 20 pali ponyowa. Ambiri amalakwitsa apa: amapaka n'kupukuta nthawi yomweyo, banga layera, iwo n'kumati zatheka. Layera mtundu wokha, mankhwala sanapatsidwe nthawi yogwira ntchito. Nthawiyo ikakwana, kwechani ndi bulashi, tsukani ndi madzi oyera, pukutani. Kutsukako n'kofunika, chifukwa Jik wotsalira pakhoma amasokoneza kagwiridwe ka penti. Mawa lake yang'ananinso, ndipo ngati pali timadontho totsala bwerezani.

Penti yonse yotupa kapena yosendeka ichotsedwe ndi chopalira mpaka mufike polimba. Gogodani pulasitala ndi chigwiriro cha chopaliracho. Pamene pakulira ngati ng'oma, pulasitala walekana ndi njerwa, ndipo pamene pakunyenyeka wafa. Ameneyo agumulidwe, apakidwe watsopano. Mchere woyera uja wokha ndi umene umachotsedwa wouma ndi bulashi, chifukwa mukauthira madzi umasungunuka n'kubwerera m'khoma, kenako n'kutulukanso.

Ndere za kunja zimachoka mwa njira yomweyi, koma phimbani maluwa ndi ndiwo za m'munsi mwa khoma, ndipo madzi otsukirawo asayenderere kumene nkhuku zimamwa. Nsanza ndi zopalidwa zonse zimangeni m'jumbo, zikatayidwe.

M'masitolo akuluakulu a penti mumapezekanso mankhwala opangidwira ntchito imeneyi, olembedwa kuti fungicidal wash. Ngati thumba likulola, ndi abwino kuposa Jik pa pulasitala womwa madzi, chifukwa ena amasiya mphamvu yake m'khoma kwa kanthawi. Tsatirani zolembedwa pa botolo, popeza ena satsukidwa.

Ndingasakanize Jik ndi viniga kapena mankhwala otsukira m'chimbudzi kuti akhale wamphamvu?

Ayi, ngakhale pang'ono. Jik akakumana ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira m'chimbudzi amatulutsa mpweya wa klorini, umene umawotcha maso ndi mapapo. Akakumana ndi mankhwala okhala ndi amoniya amatulutsanso mpweya wina woopsa. M'kabafa kakang'ono kotseka munthu angakomoke asanafike pachitseko. Jik amasakanizidwa ndi madzi basi. Mukamva kuwawa pakhosi kapena misozi ikutuluka, siyani, tulukani panja.

Fungo la Jik limandibanikitsa. Viniga yekha kapena soda angathandize?

Viniga woyera wosasungunula amathandiza pa banga laling'ono, pa penti yolimba, pa matailosi ndi pa thabwa. Mupopereni, dikirani ola limodzi, kwechani, pukutani. Sayeretsa banga ngati Jik, choncho kachithunzi kakuda kangatsale. Pa pulasitala wosapenta kapena pa laimu sindimukonda, chifukwa ndi asidi ndipo amadya laimuyo. Soda amathandiza kukwecha ndi kuchepetsa fungo, koma payekha pa khoma lodzaza chuku mungotopa naye. Ngati mwayesa viniga ndipo mukufuna kusinthira ku Jik, tsukani bwino ndi madzi, lisiyeni liume kaye.

Ndipale ndi sandipepala kuti khoma lisalale?

Pokhapokha mutachapa ndipo khoma lauma. Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Penti yamafuta yambiri, makamaka yachikasu, yofiira ndi yobiriwira yowala, inkapangidwa ndi mtovu, ndipo ina yotere yakhala ikupezeka m'misika ya muno mu Africa mpaka zaka zaposachedwa. Fumbi la mtovu limaononga ubongo wa ana, ndipo kuonongekako sikubwerera. Ngati khoma, chitseko kapena felemu la windo lili ndi penti yamafuta imene simukudziwa mbiri yake, palani monyowetsa, musaiwotche ndi moto, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali, ndipo mukamaliza kolopani, osasesa.

Ndidikire masiku angati ndisanapente?

Funso limeneli ndi limene limatiyambanitsa ndi eni nyumba. Munthu wagula kale penti, zitini zili pakona, akufuna aone chipinda chawala Loweruka lomwelo.

Ngati chuku chinali cha pamwamba chabe, cha thukuta la mpweya, masiku 2 kapena 3 a dzuwa mawindo ali otsegula amakwana. Ngati mwapaka pulasitala watsopano, mpatseni milungu 4. Simenti watsopano amakhala ndi madzi ambiri komanso ndi waukali, amawotcha penti n'kuisiya ndi mawanga. Ngati khoma linamwa madzi mpaka m'kati, chifukwa cha denga lodontha dzinja lonse kapena kusefukira kwa madzi, werengerani miyezi, osati masiku. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, ndinagwira makoma ena mu Blantyre amene pamwamba ankaoneka ouma, koma pepala lapulasitiki lija linkachitabe thukuta kunsi kwake mu July. Amene anapenta mu April anapentanso.

Choncho musadalire maso kapena kalendala yokha. Bwerezani kuyesa kwa pepala kuja, ndipo kunsi kwake kukakhala kouma, pentani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yathuyi mawuwa ndi oona ndithu.

Fani imafulumizitsa kuuma. Koma chonde, musaike mbaula yamakala m'chipinda chotseka kuti iumitse khoma. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo anthu amafa nawo ali m'tulo nyengo yozizira.

Ndigule penti yanji kuti chisabwerenso?

Palibe penti imene ingagonjetse denga lodontha. Koma madzi mukawatseka, kusankha bwino kumathandiza.

Pa pulasitala watsopano kapena pamene mwapala mpaka pa simenti, yambani ndi pulayima (penti yoyamba yapansi) ya pulasitala, yolembedwa kuti alkali resistant. Pamene patsala banga lachikasu la madzi, pakani pulayima yotseka mabanga, apo ayi lidzatulukira pamwamba pa penti yoyera ngakhale mutapaka kanayi. Kenako makoti awiri opyapyala, loyamba liume bwino lachiwiri lisanabwere. Kubafa ndi kukhitchini gulani penti yochapika yokhala ndi mankhwala oletsa chuku. Penti ya PVA yotsika mtengo, ija imasiya ufa m'manja mukaikhudza, imamwa chinyezi ndipo chuku chimaikonda. Ndiponso musalole kuti penti ithiridwe madzi ochuluka pofuna kuti chitini chimodzi chikwane nyumba yonse.

Penti yamafuta pa khoma limene limanyowa kuchokera m'kati ndi msampha. Anthu amaikonda m'munsi mwa khoma poganiza kuti itseka madzi, koma madziwo amangokwera n'kukatulukira pamwamba pa mzere wa pentiyo.

Ndinene za laimu, amene ambiri masiku ano amamuona ngati wa anthu osauka. Laimu ndi waukali mwachibadwa, chuku sichimera msanga pa iye, ndipo amalola khoma kupuma. Pa nyumba ya zidina, pa sitolo yosungiramo chimanga, pa khitchini ya panja, kapena pa khoma lakale limene simungathe kuliumitsa kotheratu, laimu amaposa penti yodula. Vuto lake ndi loti amadetsa zovala mukatsamira, ndipo amafuna kubwereza chaka ndi chaka. Dziwaninso kuti tsiku limene mudzafune kupaka penti pamwamba pa laimu, mudzayenera kumupala kaye, chifukwa penti sigwira pa iye.

Siling'i nayo yada. Ichapidwe chimodzimodzi?

Ngati bodi ili yolimba ndipo madontho ali pamwamba chabe, ipukuteni ndi nsanza yofinya bwino, osainyowetsa kwambiri. Ngati yafewa, yatupa kapena yalendewera, ichotseni. Bodi yotere chuku chalowa mpaka m'kati, ndipo tsiku lina idzagwera munthu. Mukaichotsa yang'anani matabwa a m'mwambamo ngati sanaole. Chimodzimodzi kapeti ndi matiresi amene anyowa masiku ambiri n'kuda: kawirikawiri sapulumuka, ngakhale muwayanike padzuwa sabata yonse.

Nyengo yabwino yogwira ntchitoyi ndi iti?

Konzani denga ndi ngalande mvula ikangotha, chapani khoma, lisiyeni liume miyezi ya chisanu, ndipo pentani kuyambira August mpaka October. Ku Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Blantyre chenjerani ndi chiperoni cha mu June ndi July: kunja kukachita nkhungu ndi mvula yowaza, penti siuma bwino. Ku Nkhata Bay, kumene mvula imachedwa kutha, dikirani pang'ono kuposa anzanu a ku Lilongwe. Mu October pewani kupenta khoma lakunja dzuwa lili kuliwomba, penti imauma isanagwire. Tsatirani mthunzi pozungulira nyumba. Ambiri amakonda kupenta mu December pokonzekera Khirisimasi, koma imeneyo ndi nthawi imene makoma ayamba kale kumwa madzi.

Ndimakhala nyumba ya lendi. Ntchito imeneyi ndi yanga kapena ya alandilodi?

Denga lodontha, mng'alu, paipi yophulika m'khoma ndi madzi okwera kuchokera pansi ndi zovuta za nyumba, ndipo mwini wake ndiye ayenera kukonza. Kutsegula mawindo, kuyanika zovala panja ndi kusatseka timabowo ta mpweya ndi mbali yanu. Jambulani zithunzi zokhala ndi tsiku, tumizani uthenga wolemba kuti pakhale umboni, ndipo ngati mwagwirizana kuti mukonze nokha n'kuchotsera pa lendi, zimenezo zilembedwe musanagule kanthu. Mukamafuna nyumba, chenjerani ndi chipinda chimene chapentedwa chatsopano m'munsi mokha kapena pakona imodzi. Funsani oyandikana nawo mmene nyumbayo imakhalira mu February.

Abale athu okhala ku Cape Town amakumana ndi vutoli m'miyezi ya June mpaka August, pamene mvula ndi chisanu zimabwera pamodzi ndipo aliyense amatseka mawindo. Ku Britain vutoli liliponso m'nyengo yawo yozizira, ndipo kumeneko nkhaniyi inafika pa lamulo. Mu December 2020 mwana wa zaka 2 anamwalira ku Rochdale, ndipo kafukufuku wa imfa yake anapeza kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba imene banja lake linkachita lendi. Potsatira imfayo kunabwera lamulo lotchedwa Awaab's Law, limene kuyambira mu October 2025 likukakamiza eni nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a nyumba ku England kufufuza ndi kukonza vuto la chinyezi ndi chuku m'nthawi yoikika. Ngati muli kumeneko, musangopirira mwaulemu monga tinazolowera kwathu. Lembani dandaulo.

Ndi liti pamene ndiyenera kuitana mmisiri m'malo mochita ndekha?

Banga likaposa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, likabwerera kawiri mutachapa bwino, madzi ake akakhala a m'chimbudzi, kapena khoma likakhala ndi mng'alu umene ukukula. Mmisiri amene wafika n'kutchula mtengo wa penti asanazungulire nyumba kunja kapena kuyang'ana denga, mufunseni kuti madzi akuchokera kuti. Yankho lake likuuzani ngati muyenera kumupatsa ntchito.

Ndachapa, ndapenta. Ndichite chiyani kuti dzinja likubwerali ndisadzaonenso zakuda?

Sunthani wadilopu, bedi ndi sofa zisagunde khoma, musiye mpata wolowa dzanja. Timabowo ta mpweya tija ta pamwamba pa mawindo, timene anthu amatitseka ndi nyuzipepala poopa udzudzu ndi fumbi, titsegulidwe. Ikanipo sefa ya waya. Tsegulani mawindo m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, mbali ziwiri za nyumba kuti mphepo idutse. Mukasamba madzi otentha, windo la kubafa likhale lotsegula ndipo chitseko chake chotseka. Vundikirani miphika. Dulani nthambi zimene zaphimba khoma moti dzuwa silifika. Mu October kwerani padenga, chotsani masamba, khomererani misomali.

Ndiye dikirani mvula ya mu January, ija yogwa masiku atatu osakata. Tsiku lachitatulo kokani wadilopu, gwadani pakona paja panali pakuda, ikani chikhatho pakhoma, nunkhizani. Mukapeza kadontho ngakhale kamodzi, kapukuteni tsiku lomwelo, ndipo mutuluke panja ndi ambulera mvula ikugwa, mukaone kumene madzi akuyenda kuseri kwa khomalo.